Vwaza Marsh ndi yankho lija timathamangira kulichonga

 Lero ndati ndilembeko za Vwaza. Sikuti ndasiya choko n'kulowa ntchito ya agemu ayi, koma pali yankho lina limene limalandira malikisi m'masukulu mwathu chaka ndi chaka, ndipo ine ndikuti yankho limeneli ndi labodza.

Funso lake mukulidziwa nonse. Mwana amafunsidwa kuti atchule mavuto amene malo osungirako nyama zakutchire akukumana nawo, afotokoze chimene chimayambitsa mavutowo, kenaka apereke njira yowathetsera. Iye amalemba kuti kupha nyama mozemba, kudula mitengo, moto wolusa ndi kulima m'kati mwa malire. Choyambitsa? Umbuli wa anthu ozungulira. Njira yothetsera? Kuwaphunzitsa ubwino wa zachilengedwe. Bolopeni yofiira imayenda, mwana wakhoza. Gawo loyambalo ndilibe nalo vuto, mavutowo alipodi. Chimene ndikukana ndi mawu aja akuti umbuli. Ndipo palibe malo amene amaonetsa bwino kulakwika kwa mawu amenewa kuposa Vwaza.

Poyamba ndikumbutse amene mapu anawathawa m'mutu. Vwaza Marsh Wildlife Reserve ili kumadzulo kwa boma la Rumphi, mbali ina inakhudza Mzimba, ndipo kumadzulo kwake ndi malire a Zambia. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,000. Kuchoka pa Rumphi boma kukafika pa chipata cha ku Kazuni ndi mtunda wa makilomita ngati 30 basi. Dambo lenilenilo, limene linapereka dzina, lili chakumpoto, ndipo madzi ake amatsika kuchokera ku mapiri a Nyika. Mtsinje wa Luwewe umatenga madziwo n'kupita nawo kumwera kukakumana ndi South Rukuru, amene amayenda m'malire akumwera. M'malire akumwerawo ndi mmene muli nyanja yaing'ono ya Kazuni, yodzaza ndi mvuu. South Rukuru akachoka apo amakadutsa pa mpata wa Njakwa n'kukathira m'nyanja ya Malawi. M'malo athyathyathya a dothi lamakande muli nkhalango ya tsanya, imene njovu zimaithyola mpaka mitengo ina kumangokhala ngati zitsamba, pamene m'zitunda muli miombo yonga yathu ino, ya masuku ndi bowa.

Nyengo yachilimwe, madzi akaphwa m'tchire monse, nyama zimatsikira ku Kazuni. Munthu ukhoza kukhala pansi pa mtengo n'kuona njovu, njati, nswala, ngoma ndi njiri zikubwera kudzamwa popanda iwe kusuntha. Mulinso puku, nyama yokonda madambo imene m'Malawi muno simungaipeze malo ambiri. Okonda mbalame amachita kuchokera kunja kudzafuna kambalame kena kamene amakatcha Babbling Starling, kamene amati Vwaza ndiye malo ake odalirika. Njovu za kumeneko sizidziwa za chiphaso choyendera, zimawoloka kupita cha ku Chama ndi ku chigwa cha Luangwa n'kubwerako mmene zafunira. N'chifukwa chake maboma a Malawi ndi Zambia anasainirana pangano mu 2015 loti nkhalango za m'malire zimenezi ziziyang'aniridwa ngati dera limodzi.

Tsono mfundo yanga yagona pa mawu amodzi: chigwa. Pamwamba pa Nyika, kupitirira mamita 2,000, pamazizira moti chisanu chimawaula udzu, ndipo palibe munthu amene amasirira kukadzalapo chimanga. Tinganene kuti kumtundako kuzizira kumathandiza agemu kulondera. Vwaza ilibe mlonda wotero. Ndi malo otsika, otentha, okhala ndi madzi, ndipo dothi la m'mbali mwake ndi lomwe lija limabereka fodya ndi chimanga ku Bolero ndi ku Hewe. Munthu ataima m'munda mwake umene wachepa chifukwa chougawira ana, n'kuyang'ana kutsidya kwa malire, amaona nthaka yabwino, mitengo ya milimo ya chigafa, udzu wofolera, nsomba ndi ndiwo. Munthu ameneyo si mbuli. Akuwerengera bwinobwino, mwina kuposa ife.

Onjezanipo chiwerengero. Kalembera wa 1977 anapeza anthu 5.5 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Malire a Vwaza sanasunthe, koma kunja kwake anthu achuluka katatu pa nthaka yomweyo.

Chaka cha 1977 ndachitchula dala, pakuti ndi chaka chomwe Vwaza inakuzidwa kufika mmene ililimu, ndipo chaka chotsatira, 1978, Nyika nayo inakuzidwa. Kukuza kumeneku sikunachitike pa tchire lopanda eni. Munali midzi, minda ndi manda. Anthu masauzande anasamutsidwa, ndipo inu amene munakula nthawi ya Kamuzu mukudziwa kuti masiku amenewo boma likati nyamukani, panalibe zoti tikambirane kaye. Aphoka amene anazolowera mphepo ya kumapiri anatsitsidwa kupita kumalo otentha a malungo. Katswiri wa mbiri yakale John McCracken analembapo za nkhani ya Aphoka ndi Nyika mu 2006, ndipo aphunzitsi a Histole mukanachita bwino kuifufuza nkhaniyo. Chondidabwitsa n'choti m'kalasi ya Histole timaphunzitsa mokoma za Abalowoka, amene anawoloka nyanja cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kudzafuna minyanga, za Chikulamayembe ku Nkhamanga ndi Katumbi ku Hewe. Belu likalira, mphunzitsi wa Jogalafe amalowa n'kujambula malo omwewo pa bolodi ngati kuti kuyambira kalekale munkakhala njovu zokhazokha. Mwana yemweyo, kope lina, dziko lina. Agogo amene anasiya manda a makolo awo m'kati mwa nkhalango ija ena akalipo, ndipo adzukulu awo ndi amene timawauza kuti alembe kuti kwawoko kuli umbuli.

Ndiye pali za kashembe. Iyi ndi nkhani imene ndikufuna aphunzitsi a Bayoloje aimve bwino, chifukwa m'buku imangokhala kandime kamodzi, pamene kwa anthu a m'mbali mwa Vwaza ndi nkhani ya maliro. Ntchentche ya kashembe imakhala m'nkhalango zotentha zotere, imayamwa magazi a nyama zakutchire monga mbawala ndi njiri, ndipo m'magazi a nyamazo mumakhala kachilombo ka Trypanosoma brucei rhodesiense. Nyamazo sizidwala nako. Koma ntchentcheyo ikaluma munthu, ndiye kaodzera ameneyo. Mtundu wa kaodzera wa kuno kum'mawa kwa Africa ndi wachangu: umayamba ngati malungo, kutentha thupi ndi mutu, moti ambiri amayamba amwa kaye mankhwala a malungo, ndipo pakangopita masabata kapena miyezi yochepa kachilomboko kamalowa mu ubongo. Popanda chithandizo munthu amamwalira. Mu 2019 ndi 2020 matendawa anakwera kwambiri m'Malawi, anthu pafupifupi 90 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo a m'mbali mwa Vwaza ndi nkhalango ya Nkhotakota. Chiwerengerochi chingaoneke chochepa kwa amene wazolowera ziwerengero za malungo, koma kumbukirani kuti chikuchokera m'midzi yowerengeka yomweyo.

Kwa zaka zambiri wodwala amene kachilombo kafika mu ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, opweteka polowa m'mitsempha, amene pawokha ankapha ena mwa odwalawo. Asanakubaye ankayamba akutenga madzi a pamsana kuti aone pamene matenda afika. Zinthu zasintha posachedwapa. Mapiritsi a fexinidazole, omwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya, anayesedwa pa odwala a pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Uganda mothandizidwa ndi bungwe la DNDi, ndipo kumapeto kwa 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linavomereza kuti ndi othandiza pa kaodzera wa mtundu umenewu. Imeneyi ndi nkhani yonyaditsa, ndipo ana athu ayenera kudziwa kuti mankhwala amene dziko lonse likudalira anatsimikizidwa pa Rumphi pompa. Koma taonani amene anapereka matupi awo kuti ayesedwe. Ndi anthu omwe aja a m'mbali mwa nkhalango. Mlendo wodzaona nyama amabwera masiku awiri, amatseka magalasi a galimoto podutsa pamene pali kashembe, n'kumapita. Mayi wokatunga madzi alibe galasi loti atseke. Nsalu zabuluu ndi zakuda zija zimapachikidwa m'tchire, zonyikidwa m'mankhwala kuti zikope ndi kupha ntchentchezo, zimagwira ntchito pokhapokha ngati wina akuzisamalira ndi kuzisintha, ndipo zimenezo zimalira ndalama chaka chilichonse.

Za njovu sindichulutsa, pakuti aliyense amene ali ndi mbale ku Rumphi anamvapo. Usiku umodzi wokha munda wa chaka chonse umatha. Bambo amagona m'chisakasa kumunda ndi moto ndi chitini, mwana wa sukulu amathandiza nawo kulondera, m'mawa n'kukawodzera m'kalasi. Njovu ikadya chimanga chako, palibe ofesi imene ungapite kukalandira chipepeso cholingana ndi chimene wataya. Koma iwe ukapezeka ndi nyama ya m'nkhalangomo, lamulo likudziwa bwino pokupeza, ndipo kuyambira 2017 zilango zake zinakwera mpaka zaka 30 pa milandu ikuluikulu. Ndiye munthu wotere tikamutumizira gulu la zisudzo kuti likamuphunzitse kuti njovu ndi chuma cha dziko, timayembekeza kuti atiyankha chiyani? Akudziwa kuti ndi chuma. Funso lake ndi loti chumacho chimathera m'thumba la yani.

Pano wina anena kuti aphunzitsi mwayamba kuikira kumbuyo opha nyama. Ayi ndithu. Msampha wa waya ndi chinthu chankhanza, sumasankha, umadula chitamba cha mwana wa njovu chimodzimodzi mwendo wa nswala imene unatcheredwa. Agemu amene amagona m'tchire masabata, kulumidwa ndi kashembe yemweyo, kukumana ndi anthu a mfuti, ndi ana a anthu ndipo ena mwa iwo anadutsa m'makalasi mwathu. Ine ndikufuna Vwaza ikhalepo, ndi njovu zake, ndi puku wake. Dambo lija likauma kapena nkhalango ija ikasanduka makala, oyamba kulira ndi alimi a m'mbali mwa South Rukuru omwewo. Koma tisasakanize zinthu ziwiri. Wotchera msampha kuti apeze ndiwo ndi wina, wogula minyanga ndi wina. Mu 2021 khoti ku Lilongwe linagamula Lin Yunhua, mzika ya ku China, kuti akakhale kundende zaka 14 pa milandu yokhudza nyanga za chipembere ndi kubisa ndalama zopeza mwachinyengo. Kodi ameneyo vuto lake linali kusaphunzira? Winayu njala, winayu dyera, ndipo pa awiriwa palibe amene mankhwala ake ndi sewero la pabwalo la mfumu.

Mu June 2023 boma linasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation pangano la zaka 20 loti ayendetsere limodzi Nyika ndi Vwaza. Ine ndinalandira nkhaniyi ndi manja awiri, pakuti tonse tinaona zimene zinachitika ku Majete kuchokera pamene African Parks inalowako mu 2003: nkhalango imene inatsala ngati chigoba inadzazanso nyama. Ndalama ndi kayendetsedwe kabwino zimasintha zinthu, palibe chokana. Nkhawa yanga ndi muyeso umene tidzayezere pangano limeneli. Malipoti a mabungwe amakonda kuwerenga njovu, misampha imene yazulidwa, anthu amene amangidwa ndi alendo amene agona. Zonsezo ndi za m'kati mwa mpanda. Ine ndikufuna ziwerengero za kunja kwa mpanda zizilengezedwa pa tsiku lomwelo ndi mawu okweza chimodzimodzi: minda ingati yadyedwa chaka chino, anthu angati adwala kaodzera, angati a m'midzi yozungulira alembedwa ntchito yokhazikika osati ya maganyu olambula msewu, ndi ndalama zingati zafika ku Nyika-Vwaza Association, bungwe la anthu ozungulira nkhalangozi, ndipo zagwira ntchito yanji. Ndondomeko yogawana ndalama za pachipata ilipo, ndipo chilolezo chokamweta udzu, kutola zina ndi zina ndi kupachika ming'oma ya njuchi chilipo. N'zabwino. Koma gawo la ndalama zochepa limakhala lochepanso, ndipo Vwaza si Liwonde, alendo ake ndi owerengeka. Ngati phindu la anthu lidalira pa alendo okha, adikira mpaka liti?

Za mpanda wamagetsi, tiphunzire ku Kasungu. Mu July 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu mpanda usanathe kuzungulira. Zotsatira zake tinaziwerenga m'nyuzipepala: anthu anaphedwa ndi njovu, minda inawonongeka, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe. Walira mvula walira matope, inde, koma apa wolira mvula anali wina, woponda matope wina. Kum'mawa kwa Vwaza kunamangidwa mpanda woyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo pamene ukugwira ntchito anthu amagona tulo. Koma mpanda si chinthu chomanga kamodzi n'kuiwala. Umafuna kulambula udzu, kusintha mabatire, kulumikiza pamene padulidwa. Ndipo waya wa mpanda ndi waya womwewo umene umapanga msampha wabwino. Mpanda umene anthu a m'mudzi amauona ngati wawo amaulondera okha. Umene amauona ngati wa boma umathera m'tchire uli mizingo.

Mwina ena mukuti, ife a ku Chitipa zikutikhudza bwanji za ku Rumphi? Zikutikhudza kawiri. Choyamba, mbali ina ya Nyika ili m'boma lathu lino, ndipo anthu a ku Nthalire akukhala m'malire a nkhalango chimodzimodzi anzathu a ku Hewe. Mu 2017 njovu 34 zinabweretsedwa ku Nyika kuchokera ku Liwonde, ndipo pangano la 2023 lija ndi lathunso. Chachiwiri, nkhani yomweyi ili pakhomo pathu m'maonekedwe ena. Nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa ku Misuku, zija zimasunga akasupe amene amathirira khofi ndi nthochi, zili pakati pa midzi yodzaza anthu. Miombo ya m'zitunda zathu ikupita ndi matumba a makala amene timakumana nawo pa njinga m'mawa uliwonse mumsewu wa ku boma, ndipo ogula ake ambiri ndi ife a malipiro a pamwezi, amene timadziwa bwino lomwe tanthauzo la kukokoloka kwa nthaka. Ngati kudziwa kukanakhala kokwanira, nyumba za aphunzitsi sizikanafuka utsi wa makala. Pamene alimi a njuchi a ku Misuku akupeza ndalama ya uchi, mtengo umakhala ndi mwini woulondera, ndipo palibe anachita kuwaitanira msonkhano wowauza kuti mtengo ndi wabwino.

Tsono ife a choko tichite chiyani? Silabasi sitingaisinthe tili ku Kaseye, ndipo sindikuuza aliyense kuti alepheretse mwana mayeso a MSCE pomuphunzitsa zosemphana ndi zimene ochonga akuyembekeza. Koma mphindi 40 zija ndi zathu. Mwana akalemba kuti umbuli, tisangochonga n'kupitirira. Timufunse kuti ndani kwenikweni amene sadziwa, ndipo sadziwa chiyani. Timupatse masamu: banja lili ndi ekala imodzi ndi theka, njovu zadya theka la mundawo mu February, thumba la chimanga likugulidwa mwakuti pa msika, mwana akufunika fizi. Awerengere yekha, kenaka atiuze njira imene ingachititse kuti bambo wa banja limenelo aone njovu yamoyo ngati yaphindu kuposa yakufa. Mayankho amene atuluke pamenepo, a chipepeso, a ntchito, a mpanda, a uchi, a chipatala chapafupi chodziwa kuyeza kaodzera, ndi omwe akuluakulu a mabungwe amakambirana m'mahotela ku Lilongwe. Mwana wa Fomu 3 akhoza kuwafikira, bola timulole.

Makalabu a zachilengedwe aja, amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likulimbikitsa m'masukulu kwa zaka zambiri, nawonso asamathere pa kudzala mitengo tsiku limodzi mu January n'kuisiya mbuzi zidye. Ndipo ndikudziwa kuti ulendo wa ku Vwaza kuchokera kuno si wamasewera. Kudzera ku Karonga, kukwera Chiweta mpaka Rumphi ndi tsiku lathunthu ndi mafuta ambiri, pamene njira yachidule ya ku Nthalire yodutsa m'Nyika imafuna galimoto yolimba ndi nyengo yopanda mvula. Ana athu ambiri amamaliza Fomu 4 asanaonepo mvuu, chonsecho ajambula Kazuni pa mapu kangapo. Sukulu imene ingakwanitse, ipite pakati pa August ndi October pamene nyama zasonkhana pa madzi, ana avale zovala zazitali zosakhala zabuluu kapena zakuda chifukwa cha kashembe. Koma pempho langa ndi loti musakalowe pa chipata musanaime m'mudzi wina wa m'malire. Mukapemphe kwa a mfumu mwaulemu wake kuti ana acheze ndi akuluakulu ola limodzi, afunse za 1977, za njovu ndi za kaodzera, alembe m'makope. Akatero akalowe, akamvenso mbali ya agemu.

Kwa inu ana anga amene tsopano muli ku nthambi ya zinyama, ku zaumoyo, ku makhonsolo kapena ku nyuzipepala, ziwerengero za kunja kwa mpanda zija ena mwa inu mumazigwira m'manja. Ngati zili zololedwa kuti anthu azione, tumizeni kuno. Ndikufuna ndiyambe nazo phunziro la Fomu 3 teremu ikubwerayi.